Kodi Mafunso a Chitetezo pa Intaneti Amatitetezadi?

Tikamatsegula akaunti ya imelo kapena ya ku banki pa intaneti, makampani ena amatifunsa mafunso angapo. Amayi anu ndi a mfunda wanji? Mudabadwira kuti? Mumakonda chakudya chanji? Cholinga chao n'chakuti tsiku limene tidzaiwale mau athu achinsinsi, tidzayankhe mafunsowo kuti atitsegulire. Vuto ndi lakuti munthu wina aliyense wodziwa mayankhowo amamutseguliranso.

Tiyeni tione zomwe zidachitika ku America m'mwezi wa Seputembala chaka cha 2008. Mayi Sarah Palin, bwanamkubwa wa chigawo cha Alaska pa nthawiyo, ankapikisana nao pa mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti. Mnyamata wina wa zaka 20, wophunzira pa University of Tennessee, adalowa mu imelo yao ya Yahoo. Sadachite kuthyola kanthu ai. Adangonamizira kuti waiwala mau achinsinsi, ndipo adamufunsa tsiku lobadwa la mayiwa, nambala ya positi ya dera lao, ndi malo amene adakumanirana ndi amuna ao. Mayankho onse adawafufuza pa intaneti pomwepo. Khoti lidamugamula mu 2010 kuti akakhale m'ndende chaka ndi tsiku limodzi, koma ena mwa makalata a mayiwa adali atafala kale.

Mayankho ena munthu amangolota. Mu 2015 kampani ya Google idapeza kuti mwa olankhula Chingerezi 100 alionse, pafupifupi 20 amayankha kuti chakudya chao cha pamtima ndi pizza. Nanga ife atatifunsa, ndi angati amene sanganene kuti nsima? Za mfunda ndiye tisachite kunena. Amayi athu timawaitana poyera kuti aNaphiri, aNabanda. Dzina lao lili pa kalata yathu ya ubatizo, ndipo mudzi wathu amaulengeza pa wailesi m'mauthenga a maliro. Chinsinsi chili pati pamenepa?

Choipitsitsa ndi ichi: mu 2013 akuba adaba zambiri za maakaunti onse a Yahoo, okwana 3 biliyoni, kuphatikizapo mafunso ndi mayankho ake. Mau achinsinsi akabedwa timasintha tsiku lomwelo. Koma mudzi umene tidabadwira tingausinthe bwanji? N'chifukwa chake mu 2017 bungwe la boma la America loona za miyezo, la NIST, lidalangiza kuti mafunso oterewa asiyidwe.

Kodi tichite chiyani?

Ngati pali mwai wosankha, tisankhe njira yolandira nambala ya chinsinsi pa foni yathu. Akatikakamiza kuyankha mafunso, sitili m'khoti ai: tiyankhe chinthu chosagwirizana ndi funsolo. Akafunsa za mudzi, tingathe kulemba mau monga "khasu lofiira 47". Pa akaunti iliyonse tiike yankho lakelake, ndipo tilembe mayankhowo m'kabuku kosungidwa pamalo obisika, chifukwa yankho lopeka limaiwalika msanga.

Munthu akatiimbira foni nati ndi wa ku banki, nayamba kufunsa dzina la amayi athu kapena tsiku lathu lobadwa, tidule foniyo. Tipite tokha ku ofesi yao, kapena tiimbe nambala yolembedwa pa khadi lathu la ku banki.