Kusankha Mtundu ndi Zilembo za Pulogalamu ya pa Foni

Monga sukulu idziwika ndi yunifolomu ya ana ake, momwemonso pulogalamu ya pa foni idziwika ndi mtundu wake ndi zilembo zake. Munthu akatsegula foni sawerenga maina onse ayi. Diso lake lithamangira mtundu. Akaona chofiira adziwa kuti ndi Airtel Money, akaona chabuluu adziwa kuti ndi Facebook. Nchifukwa chake opanga mapulogalamu sachita chibwana pa ntchito imeneyi.

Poyamba asankha mtundu umodzi waukulu, nawonjezapo wina umodzi kapena iwiri yothandizira. Mitundu ikachuluka, palibe umene munthu adzaukumbukira. Koma kukongola kokha sikukwanira, pakuti maso a anthu asiyana. Alipo ambiri, makamaka amuna, amene sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Mark Zuckerberg, amene anayambitsa Facebook mu 2004, ndi mmodzi wa iwo, ndipo ananena kuti buluu ndiwo mtundu umene amauona bwino koposa. Tsono taganizani pulogalamu yotumizira ndalama imene batani lovomera ndi lobiriwira, lokana ndi lofiira, popanda mawu. Munthu wotere angathe kutumiza ndalama zimene anafuna kuziletsa. Choncho batani lililonse likhale ndi mawu ake. Ndiponso zilembo zisiyane kwambiri ndi mtundu wa kumbuyo kwake, kuti ziwerengeke ngakhale padzuwa.

Kunena za zilembo, zilipo za magulu awiri akulu. Zina zili ndi timichira kunsonga kwake, monga za m'mabuku ambiri, zina zilibe. Pa galasi laling'ono la foni timichirati sitioneka bwino zilembo zikachepa. Mu 2015 kampani ya Google inasiya zilembo za timichira pa dzina lake nitenga zopanda timichira, kuti dzinalo lioneke bwino pa foni ndi pa kompyuta pomwe. Kampani yomweyo inatulutsa zilembo zotchedwa Roboto mu 2011 za mafoni a Android.

Poyesa zilembo, lembani 1, l ndi I moyandikana, ndiponso 0 ndi O. Ngati zifanana, munthu adzasokera polemba nambala yachinsinsi. Ife olemba Chichewa tiyesenso chilembo cha ŵ, monga m'dzina lakuti Malaŵi, pakuti si zilembo zonse zili nacho. Chikasowa, pamalo pake patuluka kabokosi kapena chilembo cha maonekedwe ena.

Anzanga, ena a inu mudzapanga mapulogalamu anuanu mukadzatsiriza sukulu. Musadzakhutire ndi zimene zakomera inu nokha. Mudzapatse agogo foniyo ali panja masana, muone ngati awerenga osatsinzina. Akalephera, kabwerezeni ntchitoyo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wophunzira wa Fomu 3