Mphutsi za kumapiri, nsomba za ku Senga Bay

Msewu wochokera ku Lilongwe umatsetsereka m'mapiri a Dowa, kudzera pa Chezi ndi pa Mvera, mpaka kukafika ku Senga Bay. Kumeneko, pa Kambiri Point, kampani imene malemu Stuart Grant anayambitsa m'zaka za m'ma 1970 imasunga mbuna ndi tinsomba tina tamawangamawanga ta m'nyanja ya Malawi, n'kumatitumiza pa ndege kwa azungu otiweta m'magalasi. Si tandiwo ayi, n'tongosangalatsa maso, komabe mimba tili nayo.

Chakudya cha nsomba chogula chimadalira soya ndi ufa wa nsomba zinzake. Kwathu kuno ufa umenewo ndi usipa, ndiwo ya anthu. Ndani angagayitse usipa kuti adyetse nsomba, ana ake akudyera chisoso?

Apa m'pamene palowera ntchentche yakuda yotchedwa black soldier fly. Imaoneka ngati mavu koma siluma, ndipo sitera pa nsima monga imachitira ya kuchimbudzi ija. Imaikira mazira mazanamazana m'ming'alu pafupi ndi zinthu zowola. Mphutsi zake zimadya makoko a mbatata, tomato wovunda, masese, ngakhale ndowe za nkhumba, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu zimakhala zitanenepa. Mukaziyanika, pafupifupi 40 peresenti ndi mapuloteni, mafuta n'kukhala cha m'ma 30. Zotsala m'beseni loweteramo mphutsizo ndi manyowa a kudimba. Bungwe la European Union linavomereza tizilombo totere m'chakudya cha nsomba zoweta mu 2017.

Zinyalala sizisowa pa misika ya Mponela, Madisi ndi pa boma la Ntchisi, pamene alimi ambiri a maiwe akungowazirabe gaga makumba ndi chilunguni, nsomba n'kumakula mwapendapenda. Mtundu wokazinga ngumbi suyenera kuchita nseru ndi mphutsi. Chovuta n'kuzizira: mphutsizi zimakonda kutentha kwa madigiri 27 mpaka 30, choncho mu Juni ndi Julaye kumapiri kuno zimachita ulesi pokhapokha mabeseni ali m'nyumba yofunda.

Tsono wofuna msika wa nsomba zokongola asapupulume. Nsomba zambiri za m'nyanjayi zimadya kale mphutsi za tizilombo touluka totchedwa nkhungu, koma mbuna zambiri zimapala ndere pa miyala, ndipo matumbo ake aatali sagwirizana ndi chakudya chonona. Zikachidya mopyola muyeso zimatupa mimba n'kufa. Oweta kunja matendawa amawatcha Malawi bloat. Ufa wa mphutsi uyenera kufinyidwa mafuta ndi kusakanizidwa ndi zamasamba, ntchito yofuna makina ndi upangiri wa akatswiri monga a ku Bunda ndi ku Domasi.

Mlimi wa ku Dowa ndi Ntchisi ayambe ndi kudyetsa mphutsizi nsomba za m'dziwe lake ndi nkhuku zake. Za ku Senga Bay zibwere akaphunzira kufinya mafuta.