Adabadwira ku Joni, koma akutchedwabe kwerekwere

Pa msewu wa Steve Biko ku Gezina, kumpoto kwa tawuni ya Pretoria, komwe malo ogulitsira galimoto andandalika uku ndi uku, mwana wa Mmalawi wobadwira komweko simungamuzindikire. Sepitori, chiyankhulo cha m'misewu ya Pretoria, amachilankhula ngati mwini nthaka. Chichewa chimatsala pakhomo, pamodzi ndi usipa wobwera pa basi kuchokera kumudzi.

Si manyazi ayi. Kumeneko lilime limapulumutsa munthu. Pa ziwawa za mu Meyi 2008, zomwe zidapha anthu 62, achiwembu ankaimitsa munthu n'kumufunsa dzina la chigongono m'Chizulu, ndipo wolephera ankaona zakuda. Pa 24 Febuluwale 2017 anthu adaguba m'Pretoria pokana obwera. Mu Ogasiti 2022 a gulu lokana obwera la Operation Dudula adaima pachipata cha chipatala cha Kalafong ku Atteridgeville, n'kumabweza odwala ooneka achilendo. Anawa akula akuziona zonsezi.

Akanenedwa kuti "kwerekwere", dzina lonyozera obwera, kusukulu, wina amangoti zii, mawa lake n'kuyamba kubisa komwe makolo ake adachokera. Wina salola, amayankha maso ali gwa kuti mchombo wake udagwera komweko. Ena amapezako mpumulo kutchalitchi kapena kumzikiti, komwe Chichewa ndi Chiyao zimamveka popanda wocheuka. Ululu womwewu amaudziwanso ana a anthu a ku Turkey obadwira ku Germany. Mesut Özil, mwana wa ku Gelsenkirchen, adasiya timu ya mpira ya dziko la Germany mu 2018 podandaula kuti ikapambana amamuyesa Mjeremani, ikagonja amasanduka mlendo.

Koma chomwe lilime silingakonze ndi mapepala. Kubadwira ku South Africa pakokha sikupatsa mwana unzika. Lamulo limalola mwana wa alendo kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, bola akhale kuti wakhala m'dzikomo chibadwire ndipo kubadwa kwake kudalembetsedwa. Khoti lalikulu la apilo lidatsimikiza ufuluwu mu 2018, ndipo mu Disembala 2019 khoti la ku Makhanda lidagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala.

Vuto n'lakuti makolo ena, poopa kugwidwa, sayandikira n'komwe ku ofesi ya Home Affairs, komwe ana amalembetsedwa. Mwana amafika pa mayeso a matriki, omalizira sekondale, alibe chiphaso cha kubadwa, ku Malawi sadapondeko, kumene adabadwira sadalembedwe.

Makolo a ku Gezina, lamulo limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 30 chibadwire. Pitani mukamulembetse.