NDEKE ZIWIRI ZA DZINA LIMODZI: CIFUKWA CAKE NKWAZI INALI NDI MWENDO WACINAI

Anthu amene anafikako pa bwalo la ndeke la ku Lusaka pakati pa caka ca 1984 ndi 1994 akumbukira ndeke yaikulu ya kampani ya Zambia Airways imene inali kuchedwa Nkwazi, dzina la mbalame ija ya pa mbendera ya dziko lino. Ngakhale a kumidzi amene sanaionepo ndi maso anali kumva mbiri yake, pakuti ndiyo inali kunyamula anthu kucoka ku Lusaka kupita ku London.

Nkwazi inali ndeke ya mtundu wa DC-10, yopangidwa ndi kampani ya McDonnell Douglas mu mzinda wa Long Beach ku America. Koma si ambiri amene adziwa kuti ndeke za dzina limeneli sizinali zolingana zonse. Mitundu iwiri ndiyo inapangidwa yambiri koposa: DC-10-10 ndi DC-10-30. Nkwazi inali ya mtundu waciwiriwu. Munthu woziona ziri patali akanati ndi mapasa, komabe imodzi yokha mwa izo ndiyo inali kukhoza kufika ku London osatera panjira.

ZIMENE ZINALI ZOFANANA

Ndeke ziwirizi zinali ndi thupi limodzimodzi, lotalika mamita 55, ndiponso lalikulu m'mimba mwake kotero kuti m'kati munali tinjira tiwiri topitamo anthu pakati pa mipando. Kawirikawiri munali kukhala anthu 270, koma mipando ikathinitsidwa anali kufika 380. Zonse ziwiri zinali ndi injini zitatu: imodzi pansi pa phiko lililonse, ndipo yacitatu pamwamba pa thupi, patsinde pa mcira. Ku mutu kunali kukhala anthu atatu, ndiwo oyendetsa awiri ndi mmisiri woyang'anira makina. Liwiro lake linali pafupifupi makilomita 900 pa ola, ndiko kunena kuti mtunda wocoka ku Lusaka kufika ku Chipata, umene uli ngati makilomita 570, zikanaumaliza ola lisanathe.

Munthu wokhala pa mpando sakanadziwa kuti wakwera iti. Kusiyana kwake kunali m'mapiko, m'injini, m'matanki a mafuta ndi ku mawilo. Ndipo konseku kunacokera pa funso limodzi: kodi ndekeyo ipita kutali motani?

YOYAMBA INAPANGIDWIRA MAULENDO A M'DZIKO

DC-10-10 ndiyo inali yacisamba. Inauluka koyamba pa 29 August 1970, ndipo pa 5 August 1971 kampani ya American Airlines inayamba kunyamulira anthu pakati pa Los Angeles ndi Chicago. Makampani a ku America anali kufuna ndeke yonyamula anthu ambiri kucoka mu mzinda wina kupita mu mzinda wina m'dziko lao lomwelo, yokhoza kutera ngakhale pa mabwalo ofupikirapo. Ulendo wocoka ku New York kufika ku Los Angeles ndi makilomita pafupifupi 4,000, ndipo ndekeyi inali kutha kuyenda makilomita ngati 6,500 isanafune kumwa mafuta ena. Kwa iwo zinali zokwanira.

Koma makampani a ku Ulaya anali ndi maulendo ooloka nyanja zamcere kupita ku America, ku Africa ndi ku Asia. Cifukwa ca iwo kunapangidwa DC-10-30, imene inauluka koyamba pa 21 June 1972. Oyamba kuilandira anali makampani a KLM ya ku Netherlands ndi Swissair ya ku Switzerland, kumapeto kwa caka comweco. Iyi inali kutha kuyenda makilomita ngati 9,600.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Ndeke yopita kutali iyenera kusenza mafuta onse a ulendowo ponyamuka, pakuti kumwamba kulibe pomwera. Matanki a DC-10-10 anali kulowa malita pafupifupi 82,000, amene angadzaze madiramu 410 a malita 200. Mu DC-10-30 anaonjezamo tanki ina pakati pa mapiko, ndipo mafuta onse anafika malita pafupifupi 137,000, ndiwo madiramu oposa 680.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mafuta oonjezedwawo okha anali kulemera matani oposa 40. Motero pamene DC-10-10 yodzaza inali kuloledwa kunyamuka ndi kulemera kwa matani 195, inzakeyo inali kufika matani 252. Kusiyanaku kulingana ndi matumba a cimanga a makilogalamu 50 oposa 1,100. Mlimi aliyense adziwa cimene cimacitika ngolo ikapakiridwa katundu wopitirira: ng'ombe zimalephera kukoka, ndipo mawilo amatitimira kapena kuphulika. Amisiri anayenera kukonza ndekeyo m'malo atatu kuti isenze katunduyo.

Coyamba, anatalikitsa mapiko. Kucokera ku nsonga ya phiko limodzi kufika ku nsonga ya linzake, DC-10-10 inali mamita 47, koma DC-10-30 inaposa pang'ono mamita 50. Phiko ndilo limanyamula ndeke: mphepo ikamapita mothamanga pamwamba ndi pansi pake imalikankhira m'mwamba, ndipo phiko lalikulu limasenza zambiri.

Caciwiri, anaikamo injini zamphamvu. Zonse zinali za kampani ya General Electric, koma yoyamba inali ndi za mtundu wa CF6-6, pamene yaciwiri inalandira CF6-50, zimene mphamvu yake inaposa zoyambazo ndi gawo limodzi mwa magawo anai.

Cacitatu ndico cimene maso angaone msanga. DC-10-10 inali kuima pa miyendo itatu: umodzi wa mawilo awiri kutsogolo, ndi iwiri ya mawilo anai-anai pansi pa mapiko. Onse pamodzi anali mawilo 10. DC-10-30 inapatsidwa mwendo wacinai wa mawilo awiri pansi pa mimba, pakati pa miyendo ikuluikulu ija, ndipo mawilo anakhala 12. Nchito ya mwendowu inali kugawa kulemera kuti matayala asapsinjike kopitirira ndiponso kuti msewu wa pa bwalo usang'ambike. Ndi nzeru yomwe ija imene imacititsa kuti lole yonyamula feteleza ikhale ndi mawilo ambiri kumbuyo kuposa galimoto yaing'ono.

CIFUKWA CAKE ZAMBIA INAFUNIKA YACIWIRI

Kucoka ku Lusaka kufika ku London ndi makilomita pafupifupi 7,900, monga kuyenda msewu wa Lusaka ndi Chipata ka 14. DC-10-10 ikanaperewera ndi makilomita oposa 1,000, ndipo ikanayenera kutera m'dziko lina kukamwa mafuta. Kutera kulikonse kumadya nthawi, mafuta ndi msonkho wa pa bwalo. Ndiponso malamulo salola ndeke kunyamuka ndi mafuta ongokwanira ulendo wokha. Payenera kukhala otsala akuti ipite nao ku bwalo lina ngati kumene ikupita kwaipa nyengo.

Pali cifukwa cinanso. Bwalo la ku Lusaka, limene kuyambira 2011 likuchedwa Kenneth Kaunda, liri pamtunda, mamita oposa 1,100 pamwamba pa nyanja yamcere. Pamalo okwera mphepo imakhala yopepuka, ndipo kukatentha, monga m'mwezi wa October, imapepukiratu. Mu mphepo yotere injini zimacepa mphamvu ndipo mapiko sagwira bwino, motero ndeke yolemera imathamanga mtunda wautali pansi isanadzuke. Mapiko otalika ndi injini zamphamvu za DC-10-30 zinali zofunika kwambiri pa bwalo lotere.

Ngakhale zinali tero, Nkwazi nayo inali ndi malire ake. Pamene Zambia Airways inatsegula ulendo wa ku New York m'caka ca 1988, ndekeyo inali kuyamba yatera ku Monrovia m'dziko la Liberia, pakuti mtunda wonsewo uposa makilomita 11,000.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji makampani onse sanangogula yamphamvuyo? Yankho ndi lakuti DC-10-30 yopanda kanthu inali yolemera kuposa inzake ndi matani ngati 12. Pa maulendo afupi, kulemera kumeneku kukanangodya mafuta popanda phindu. Munthu amene munda wake uli kuseri kwa nyumba sabwereka lole yotutira dzinthu.

ZA NGOZI

Dzina la DC-10 linaipa ndi ngozi ziwiri zazikulu. Pa 3 March 1974 ndeke ya Turkish Airlines inagwa pafupi ndi Paris, ndipo anthu 346 anafa, cifukwa citseko ca cipinda ca katundu cinatseguka ili m'mwamba. Pa 25 May 1979 ya American Airlines inagwa ku Chicago injini ya ku phiko lamanzere itathothoka ponyamuka, ndipo anafa anthu 273. Zonse ziwiri zinali DC-10-10, koma colakwa sicinali kucepa kwa mapiko kapena kusowa kwa mwendo wacinai. Pa ngozi yoyamba vuto linali kapangidwe ka zotsekera citseko. Pa yaciwiri ofufuza anapeza kuti citsulo cogwira injini cinang'aluka cifukwa ca njira yacidule imene okonza anatsata pocotsa ndi kubwezera injiniyo. Cifukwa cake Boma la America linalamula kuti zitseko zikonzedwe pa mitundu yonse, ndipo mu 1979 linaimitsa ma DC-10 onse masiku 37 kufikira atapimidwa. Nkwazi inapangidwa zonsezi zitacitika kale.

MATHERO AKE

Kupanga DC-10 kunatha mu 1989, zitapangidwa 386, kuonjezapo 60 za asilikali. Kampani ya McDonnell Douglas inalowa m'manja mwa Boeing mu 1997, ndipo ulendo wotsiriza wa DC-10 wonyamula anthu olipira unacitidwa ndi kampani ya Biman ya ku Bangladesh mu February 2014. Ndeke za maulendo atali za masiku ano zambiri ziri ndi injini ziwiri cabe ndi oyendetsa awiri, ndipo zimamwa mafuta ocepa.

Zambia Airways yakale inatsekedwa mu December 1994 cifukwa ca nkhongole. Nkwazi inapita ku kampani ya Monarch ya ku Britain mu 1996, kumene inagwira nchito zaka zina zingapo yonyamula anthu opita kokaceza. Itakalamba inaphwasulidwa, koma mutu wake unasungidwa ndi kuikidwa pa bwalo la ndeke la ku Manchester kuti alendo ndi ana a sukulu azilowamo ndi kuona pamene oyendetsa anali kukhala.