Botolo silinasweke, nanga mafuta anatuluka bwanji m'sutikesi?

Alamu anga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town. Disembala wapitayu anabwera kuno ku Mbayani kudzakhala nawo pa chinkhoswe cha mng'ono wawo, ndipo ulendo uno anakwera ndege chifukwa abwana awo anawagulira tikiti. Titafika kunyumba kuchokera ku Chileka, anatsegula sutikesi pamkeka kuti atigawire katundu. Aaa, tonse tinangoti kakasi. Nsalu zitatu zimene anagula kuti akavale pa chinkhoswepo zinali zitanyowa ndi mafuta.

M'sutikesimo munali mabotolo awiri agalasi amene abwanawo anawapatsa. Lalikulu, la 750 ml, linali la mafuta a olive, ndipo anali atayamba kale kuphikira moti mafuta anali atatsikako. Laling'ono linali la viniga wakuda wotchedwa balsamic, losatsegula. Palibe botolo limene linasweka. La viniga linali louma bwinobwino, koma la mafuta linali noninoni mbali zonse.

Alamu anatembenukira mwana wawo wamkazi wa zaka 14 amene anabwera naye. “Iwe, si ndinakuuza kuti utseke mwamphamvu? Taona zimene wachitazi!” Mwanayo ankangosisima, amvekere, “Amayi, ndinatseka ine.” Ndinatenga botolo lija n'kuyesa chitsekerero. Chinali cholimba ndithu. Ndinati, “Alamu, tamusiyani kaye mwanayu. Ndipatseni pepala ndi cholembera tione.”

Kwa amene simunazionepo zinthu ziwirizi: mafuta a olive amafinyidwa kuchokera ku tizipatso ta mtengo wa olive. Dziko la Spain ndi limene limapanga ochuluka padziko lonse, koma mitengoyi amalimanso ku Western Cape, ku South Africa. Balsamic kwawo ndi ku Modena ndi Reggio Emilia, ku Italy. Amamupanga ndi madzi a mphesa owiritsa, ndipo weniweni wachikale uja amakhala m'migolo yamatabwa zaka zosachepera 12. Ndi zinthu zodula, zosiyana ndi mafuta oyeza amene timagula m'timachubu pamsika wa Mbayani. Alamu sakanatha kuwanyamula m'manja, chifukwa kuyambira mu 2006 m'mabwalo ambiri a ndege salola zamadzimadzi zopitirira 100 ml m'chikwama cholowa nacho m'ndege. Basi anangowagoneka pakati pa zovala.

Mpweya umene sitiuona

Tikamati botolo “latsala theka”, timaiwala kuti theka linalo muli mpweya. Mpweya ndi tinthu ting'onoting'ono tothamanga mbali zonse, ndipo tikamagunda khoma la botolo timalikankha. Kukankha kumeneku pa malo a kukula kwakutikwakuti ndi kumene m'kalasi timati pressure.

Kunja kwa botolo kulinso mpweya, ndipo nawonso ukukankha. Pamalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, ngati ku Cape Town, pressure ya mpweya imakhala pafupifupi 101 kPa. Mukamakwera m'mwamba, mpweya umene uli pamwamba panu umachepa, ndiye pressure imatsika. Kuno ku Blantyre, pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja, ili cha m'ma 90 kPa. Ku Johannesburg, cha m'ma mamita 1,700, ili pafupifupi 83 kPa.

Ndege zonyamula anthu zimauluka pa mamita 10,000 kapena kupitirira. Kumeneko pressure ndi gawo limodzi chabe mwa magawo anayi a pressure ya pansi, moti munthu sangapume bwino. N'chifukwa chake m'ndege amapoperamo mpweya, mokhala anthu ndi moika katundu momwe. Koma saufikitsa pa 101 kPa, chifukwa thupi la ndege likanafunika kukhala lolimba ndi lolemera kwambiri. Amausiya ngati wa pamwamba pa phiri la mamita 1,800 mpaka 2,400. Pa mamita 2,400 pressure ndi pafupifupi 75 kPa.

Tsopano taganizirani. Mwana uja anatseka botolo ku Cape Town, ndiye anatsekera mkati mpweya wa 101 kPa. Ndege itakwera, kunja kwa botolo kunatsala 75 kPa. Mkati mukukankha kwambiri kuposa kunja, kusiyana kwake 26 kPa.

Tiwerengere limodzi

Chitsekerero cha botolo lija n'chotambalala pafupifupi 3 cm, ndiye area yake ndi pafupifupi 7 cm², kapena kuti 0.0007 m². Mukukumbukira kuti force = pressure × area? 26,000 × 0.0007 ikutipatsa 18 N. Kumeneko kuli ngati kulemera kwa mapaketi awiri a shuga a 1 kg, kukankha chitsekerero kuchokera mkati kwa ola lathunthu ndi kupitirira.

Chitsekerero chimene sichinatsegulidwepo chimapirira zimenezi mosavuta. Koma chimene mwatsegula ndi kutseka kangapo chimakhala ndi timipata tosaoneka ndi maso. Botolo likanaima chilili, pa timipatapo pakanangotuluka mpweya, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma m'sutikesi botolo linagona chammbali. Chimene chinali pakamwa pa botolo ndi mafuta, ndipo mpweya unali kumbuyo kwake, kumawakankha ngati mmene chala chimakankhira mankhwala mu jekeseni.

Nanga mafuta angatuluke ochuluka bwanji? Apa ndi pamene a Fomu 3 mukumane ndi mnzanu wakale, Robert Boyle. Mu 1662 iye anasonyeza kuti kutentha kukapanda kusintha, pressure ya mpweya ikatsika volume yake imakula: P₁V₁ = P₂V₂. M'botolo la alamu munali mpweya pafupifupi 250 ml.

101 × 250 = 75 × V₂
V₂ = 337 ml

Mpweya umene unali 250 ml tsopano ukufuna malo a 337 ml. Galasi silifufuma, ndiye malo owonjezerawo ungawapeze pokhapokha utatulutsa mafuta, mpaka 87 ml ngati mpata ulipo. Amenewo ndi masupuni akuluakulu pafupifupi 6. Pa nsalu ndi ambiri zedi. Kuwonjezera apo, alamu anakwera ndege ziwiri. Potera ku Johannesburg pressure ya kunja inakwera, mpweya wina unalowa m'botolo kudzera pampata womwe uja, ndipo ndege yachiwiri itanyamuka kukankha kunayambiranso.

Tiyeni tiyese botolo la viniga. Linali lodzaza, mpweya mwina 20 ml chabe kukhosi kwake. 101 × 20 ÷ 75 ikutipatsa 27 ml, kusiyana kwa 7 ml basi, ndipo chitsekerero chake chinali chomata cha kufakitale. Mwaona? Botolo lotsala theka ndi loopsa kuposa lodzaza. Ambiri timaganiza kuti lodzaza ndi limene lingatayike, koma ndi mpweya umene umafufuma kwambiri pressure ikatsika. Mafuta ndi viniga sizisintha volume kwenikweni ngakhale pressure isinthe chonchi.

Nanga a pa basi?

Ambiri mwa abale athu ochokera ku Joni amabwera pa basi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Iwowa vuto lawo lalikulu ndi kutentha. Ku Tete nyengo yotentha kumafika 40°C ndi kupitirira, ndipo moika katundu pansi pa basi mumatentha koposa. Mafuta a olive amafufuma ndi pafupifupi 0.7 ml pa lita iliyonse kutentha kukakwera ndi 1°C. Botolo la lita imodzi likachoka pa 15°C kufika pa 45°C, mafuta amawonjezera volume ndi 21 ml. Mpweya wa mkati nawonso ukatenthedwa umakankha mwamphamvu. N'chifukwa chake kufakitale sadzaza botolo mpaka pakamwa, amasiya kampata kukhosi.

Ndiye m'bale wanu akamalongedza katundu, muuzeni izi. Anyamule botolo losatsegula. Ngati latsegulidwa kale, athire mafutawo m'botolo lapulasitiki laling'ono, asiye kampata kochepa, alifinye pang'ono kenako atseke, kuti mpweya ukafuna kufufuma upeze malo. Akulunge chitsekerero ndi tepi, aike botolo m'majumbo awiri omanga bwino, kutali ndi zovala za pa chinkhoswe.

Yesani nokha

Simukufunika tikiti ya ndege kuti muone zimenezi. Tengani botolo la madzi lapulasitiki lopanda kanthu, mulitseke mwamphamvu muli ku Blantyre. Tsiku limene mukupita ku Chikwawa, ligwireni m'manja minibasi ikamatsetsereka mapiri aja. Pofika pa Thabwa mudzapeza litaphwanyika m'mbali, chifukwa kuchigwa cha Shire pressure ili pafupi ndi 100 kPa pamene mkati munatsekera 90 kPa. Makutu anu akamatseka panjirapo, chifukwa chake n'chomwecho. Pobwerera litseguleni, mulitsekenso muli kumunsi, muone mmene lidzalimbire mukafika m'tauni.

Alamu anayang'ana masamu anga nthawi yaitali, kenako anati, “Ndiye kuti mwanayu ndamukalipira pachabe eti?” Anamuitana n'kumupepesa pamaso pa tonse. Nsalu ziwiri zinayera titazichapa ndi sopo wotsukira mbale, koma imodzi banga lake lilipo mpaka lero.

Madzulo ake tinathira mafuta otsalawo m'mbale, n'kudonthezamo viniga uja kuti tilawe ndi buledi. Madontho akudawo anamira mpaka pansi, osasakanikirana ndi mafuta. Funso lanu la sabata ino ndi limeneli: lita imodzi ya mafuta a olive imalemera pafupifupi 0.91 kg, pamene lita ya madzi imalemera 1 kg. Kodi zimenezi zikutiuza chiyani za madontho aja? Lembani yankho lanu m'kope, tidzakambirana sabata yamawa.