Mphonda za ku Kabwe ndi mankhwala ochulukitsa maluwa

Mphonda imatulutsa maluwa aamuna ndi aakazi pa chomera chimodzi, koma aamuna ndiwo amayamba, ndiponso amachuluka. Duwa lalikazi mumalizindikira ndi kamphonda kakang'ono kunsi kwake. Popeza aakazi amachepa, ndikuona kuti mankhwala a ethephon, opoperedwa mbewu ikali ndi masamba awiri kapena anayi, angathandize alimi a ku Kabwe: amachulukitsa maluwa aakazi, pomwe mankhwala a gibberellin amatalikitsa chomera n'kukondera aamuna. Ena amati manyowa ngokwanira. Manyowa amadyetsadi, koma chomera choyanga bwino chingathe kudzazabe maluwa aamuna. Chomwe ndimaopa ndi mlingo wa ethephon, pakuti mukapyola chomera chimapinimbira. Komanso maluwa oyera a mphonda amatseguka madzulo. Agulugufe ausiku onyamula mungu akasowa, kamphonda kamafota n'kugwa, ngakhale munapopera bwino.