Tigule Mbewu Yabwino ya Mbatatesi

Ife a ku Angónia ndi ku Tsangano timadziwa mbatatesi. Dziko lathu ndi lokwera ndi lozizira, ndipo mbatatesi imakonda malo otere. Kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a Andes, ku South America. Koma ambiri a ife tikafuna kubzala pang'ono pakhomo, timangogula mbatatesi yodya pa msika wa ku Ulónguè, n'kusankha ting'onoting'ono. Apa ndi pamene timataya ndalama.

Kambatatesi kakang'ono kwambiri nthawi zambiri kamachokera ku tsinde lodwala. Nsabwe za mbewu zimanyamula matenda kuchoka pa tsinde lina kupita pa lina. Matendawo amatsikira mu mbatatesi. Tikabzala, masamba amapiringizika, ndipo zokolola zimachepa chaka ndi chaka.

Pali matenda ena oopsa koposa. Tsinde limafota dzuwa likakwera, ngakhale dothi lili ndi chinyezi. Tisanalipire, tipemphe wogulitsa kuti adule mbatatesi ziwiri kapena zitatu. Tikaona mzere wofiirira wozungulira m'kati, kapena timadzi toyera tikutuluka tikafinya, tisagule, ngakhale mtengo utsike chotani. Tionenso m'maso mwa mbatatesi: ngati dothi lamatirira m'menemo, tikayikire. Matendawa akalowa m'dimba, amakhala m'dothi zaka zingapo, ndipo amagwiranso tomato, tsabola ndi fodya. Mbewu ya mametikali ochepa ingatiphere dimba lonse.

Mbewu yabwino ikhale yaikulu ngati dzira la nkhuku, yolimba, yopanda mabala kapena mabowo a tizilombo. Ikhale ndi mphukira zazifupi, zonenepa. Mbatatesi yongokumba kumene imagona miyezi iwiri kapena itatu isanaphuke. Tikaibzala msanga, ikhoza kuwolera pansi. Ya mphukira zazitali zoyera inasungidwa mu mdima, ndipo mphukirazo zimathyoka.

Tsopano tiwerenge. Mizere italikirane masentimita 75. Pa mzere, mbewu zitalikirane masentimita 30. Mzere wa mamita 6 umalowa mbatatesi 20. Mizere isanu ifuna mbatatesi 100. Kilogalamu imodzi ya mbewu yonga dzira ili ndi mbatatesi pafupifupi 20. Choncho makilogalamu 5 atikwanira.

Vuto ndi lakuti mbewu yabwino imagulitsidwa kawirikawiri m'matumba aakulu. Banja limodzi silingathe thumba la makilogalamu 50, koma mabanja khumi angathe. Tisonkhane, tisonkhe ndalama, tigawane makilogalamu 5 banja lililonse. Mlangizi wa zaulimi angatilozere kumene mbewu yoyesedwa ikupezeka. Tikagula kwa mlimi mnzathu, ndi bwino kuona munda wake mbewu ikadali yobiriwira, pakuti thumba silinena zonse.

Tikafika nayo kunyumba, tiiyale pa thandala, pamthunzi powala ndi popita mphepo. Tisaidule pobzala, chifukwa mpeni umafalitsa matenda. Tibzale pamalo pamene sipanakhale mbatatesi kapena tomato zaka zitatu zapitazi.

Mbewu ikachita maluwa, tizike timitengo pa masinde amphamvu, opanda chilema. Patapita miyezi itatu kapena inayi chibzalire, tiyambe kukumba masinde amenewo, ndipo mbatatesi yake tisunge padera kuti tidzabzale nyengo yotsatira.